Khadi yogulira zinthu pa yunivesite: ufulu wake ndi malire ake

Aliyense amene anagwirapo ntchito m'boma kapena pa koleji akudziwa ulendo umene pepala limayenda ofesi ikafuna inki ya printa. Ulembe pempho, mkulu wa dipatimenti asaine, a zogulagula apeze makotesheni atatu, chikalata choitanitsira katundu (LPO) chituluke, katundu afike, ndiye invoisi ikagone ku akaunti. Nthawi zina zolembalembazo zimadya ndalama kuposa inkiyo.

Mayunivesite ambiri a ku America ndi ku Britain amadula ulendowu ndi khadi yogulira, imene amaitchula kuti P-card. Imachokera ku banki, kawirikawiri ndi ya Visa kapena Mastercard. Pakhadipo pamalembedwa dzina la wantchito, koma ngongole ndi ya yunivesite, ndipo yunivesite ndiyo imalipira banki mwezi ukatha. Boma la America nalo limagula motere kudzera mu GSA SmartPay, ndondomeko imene inayamba mu 1998.

Khadiyi sapatsa aliyense. Mkulu wa dipatimenti amasankha woyenera, munthuyo amaphunzitsidwa malamulo, nasainira kuti wawamva. Kenako amamuikira malire awiri: ndalama zimene angagule nazo ulendo umodzi, ndi zimene angagwiritse ntchito pa mwezi.

Pali mpanda wina wosaoneka. Wamalonda aliyense wolandira makhadi ali ndi nambala ya manambala anayi yosonyeza mtundu wa malonda ake. Yunivesite imauza banki kuti itseke mitundu ina, monga malo ogulitsa mowa ndi otchovera juga, kapenanso kutapa ndalama pa ATM. Ukayesa, makina amangokana.

Chachikulu n'chakuti kale ankakufunsa usanagule, pano amakufunsa utagula kale. Mwezi uliwonse mwini khadi amafananitsa malisiti ndi sitetimenti ya banki, n'kulemba chifukwa chimene anagulira chinthu chilichonse komanso thumba la ndalama limene zichokere. Lisiti lionetse katundu mmodzimmodzi, osati chiwonkhetso chokha. Wina, osati iye mwini, amavomereza. Apa m'pamene zinthu zimaonongekera, chifukwa bwana wongosaina asanawerenge wasandutsa khadi ya sukulu kukhala chikwama cha munthu.

Chinyengo chofala ndi kugawa katundu mmodzi pawiri kuti asapyole malire. Oona za ndalama amachigwira msanga: sitolo imodzi, tsiku limodzi, malisiti awiri. Kubwereketsa khadi kwa mnzako n'koletsedwa, kuguliranso za kunyumba n'chimodzimodzi, ngakhale utati ubweza mawa. Chilango chimayambira pa kulandidwa khadi, ndipo chingafike pa kuchotsedwa ntchito.

Katundu wamkulu, monga makina a m'labotale kapena ntchito yomanga, amadutsabe njira ya tenda ndi kontrakiti. Khadi ndi ya zinthu zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku basi. Mukapatsidwa, jambulani lisiti lililonse musanatuluke m'sitolo, ndipo khadi ikatayika imbirani banki tsiku lomwelo.