Mbalame Yobisala m'Buku la Ziŵeto

Mlimi akamagula nkhunzi ya mtundu wa Friesian, kapena munthu akamagula galu wa mtengo wapatali, wogulitsa amatulutsa chikalata chosonyeza makolo a chiŵetocho. Pa Chingerezi mndandanda wa makolowo umatchedwa pedigree, ndipo mtengo umakwera kapena kutsika chifukwa cha iwo. Koma ndi oŵerengeka amene amadziŵa kuti m'kati mwa mawu ameneŵa mwabisala mbalame.

Gwero la mawuŵa si Chingerezi ayi. Anthu a ku Normandy atagonjetsa England m'chaka cha 1066, Chifalansa chinasanduka chiyankhulo cha mafumu ndi cha m'mabwalo a milandu. M'Chifalansa chimenecho munali mawu akuti pé de grue, kutanthauza phazi la mbalame ina ya miyendo yaitali, yofananako ndi kakowa koma yaikulu kuposa iye. Alembi polemba mbiri ya banja ankaika dzina la kholo pamwamba, nakoka timizere titatu totakasuka kutsikira kwa ana. Timizereto tinkafanana ndi mapazi amene mbalameyo imasiya m'matope. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400 mawuŵa anali atayamba kuoneka m'zolemba za Chingerezi, mlembi aliyense ndi kalembedwe kake, ndipo lilime la Angerezi linawapinda mpaka mbalame ija inazimirira.

Poyamba nkhaniyi inali ya anthu, ndipo sinali ya maseŵera, pakuti minda, nyumba ndi maudindo zinkagwera iye amene dzina lake linali pa mzere woyenera. Ziŵeto zinaloŵamo mochedwa. Mu 1791 James Weatherby anayamba kusindikiza General Stud Book, buku la makolo a akavalo a mpikisano, ndipo la ng'ombe za Shorthorn linatuluka mu 1822.

Akavalo a m'buku la Weatherby ndiwo amatchedwa Thoroughbred, dzina lowatama kuti magazi awo ndi osasakanizika. Apa mpamene pali choseketsa. Potsata kuchimuna, onsewo amachokera kwa akavalo atatu obwera: Byerley Turk, Godolphin Arabian, ndi Darley Arabian amene anagulidwa ku Aleppo, m'dziko la Syria, mu 1704. Alendoŵa anabereketsa akavalo aakazi amene anawapeza ku England, motero magazi otamandidwawo anayamba ndi kusakaniza. Lero pafupifupi 95 mwa akavalo 100 alionse a mtunduwu, potsatabe kuchimuna, ndi zidzukulu za kavalo mmodzi wa ku Aleppo uja.