Minibasi imene siima pasiteji

Ana inu, tsiku lina Loweruka m'mawa mudzaime pamphambano ya Matawale ku Zomba, pafupi ndi msewu wa M3, n'kumayang'ana minibasi zikamadutsa. Zambiri zimachepetsa liwiro zikaona munthu, kondakitala atatulutsa mutu pazenera n'kumakuwa kuti, "Tauni! Limbe!" Koma pamadutsanso ina imene siima ngakhale mukweze mkono chotani. Chitseko chake n'chotseka, kondakitala ali duu, ndipo m'katimo anthu akuimba ndi kuomba m'manja. Imeneyo ndi ya hayala.

Tsiku wamba minibasi imagulitsa mipando. Aliyense amalipira mpando wake, n'kutsika pomwe akufuna, wina n'kukhalapo. Koma gulu likachita hayala, limakhala lagula tsiku lonse la galimotoyo pamodzi ndi dalaivala wake. Iyenda kumene gululo lanena, iima pomwe gululo lafuna, ndipo munthu wapanjira sakwera. Ochita hayala ndi ambiri: kwaya yopita kukaimba kumpingo wina, amayi a Mvano, timu ya mpira, achibale opita kuchinkhoswe kapena kumaliro, ndiponso inu ana asukulu aphunzitsi akakonza ulendo wokaona malo.

Nanga mtengo wake amaupeza bwanji? Funsoli ndi limene akuluakulu amakanganirana nthawi yaitali kudepoti, wina akuti "mwadulitsa bwana", wina akuti "mafuta akwera mayi". Choyamba, dalaivala nthawi zambiri si mwini minibasi. Mwiniwake ali kunyumba, ndipo madzulo alionse amayembekeza ndalama zimene anagwirizana. Minibasi ikakhala ndi inu tsiku lonse, ndiye kuti siyendanso maulendo a pakati pa Zomba ndi Limbe kapena Liwonde, choncho ndalama za maulendo amenewo zichokera kwa inu. Chachiwiri ndi mafuta. Mtengo wa petulo ndi dizilo umalengezedwa ndi bungwe la MERA, ndipo ukakwera, hayala nayo imakwera. Kenaka pali msewu. Ulendo wa ku Liwonde, wa makilomita oposa 50, umayenda pa tala, pomwe kupita ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, n'kwafupi koma galimoto imakumana ndi fumbi, mabampu ndi matope nthawi ya dzinja. Mwini galimoto amawerengera matayala ndi masipuling'i amene atheretu kumeneko.

Chimene anthu ambiri amaiwala ndi kudikira. Inu mukatsika n'kukasewera maola anayi, minibasi ili chiimire pansi pa mtengo, dalaivala akuwodzera. Simukuyenda, koma mukulipirabe, chifukwa maola amenewo akanatha kunyamula anthu ena.

Tiyeni tiyerekeze ndi masamu pang'ono. Tinene kuti mwagwirizana K240,000 ndipo muli anthu 15. Aliyense asonkha K16,000. Tsikulo litafika, anzanu atatu akuti sapita. Kodi mtengo utsika? Ayi ndithu, minibasi idya mafuta omwewo. Otsala 12 aja aliyense apereka K20,000. N'chifukwa chake msungichuma wa gulu amavuta kwambiri, amafuna ndalama zonse zisonkhedwe tsiku lisanafike. Mwini galimoto naye amafuna chikole, kuopa kuti angakane anthu ena kenaka inu n'kusintha maganizo. Akuluakulu ochenjera amamvana zonse pachiyambi pomwe, ndipo amalemba papepala: mafuta agula ndani, nthawi yonyamuka, nthawi yobwerera, ndi amene apatse dalaivala chakudya chamasana. Zoterezi zikasiyidwa m'malere, mkangano umabuka madzulo anthu atatopa kale.

Mtengo ukatheka, pali zoyenera kuona pagalimotopo, ndipo zina mwa izo ngakhale inu mungazione. Yambani ndi nambala. Kuno ku Malawi galimoto zololedwa kunyamula anthu olipira zimakhala ndi nambala yolembedwa mofiira. Kenaka yang'anani pagalasi lakutsogolo, pomwe amamata timapepala. Kena ndi ka inshulansi. Kena ndi ka COF, kosonyeza kuti galimotoyo inayesedwa mabuleki, magetsi ndi matayala n'kupezeka kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Zimenezi zimayang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene anthu amangoti ku Road Traffic. Dalaivala naye laisensi wamba siimukwanira, amafunika chilolezo chapadera chonyamulira anthu. Galimoto iliyonse ilinso ndi chiwerengero cha anthu amene iyenera kunyamula. Mawu akuti "ana ndi ang'onoang'ono, apanikizana" amamveka kawirikawiri pa maulendo asukulu, ndipo ine sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Mwana aliyense akhale pampando wake.

Mwina munaonapo zilembo zachilendo pambali pa minibasi zina. Ndi Chijapani. Minibasi zambiri za kuno, monga Toyota HiAce ndi Nissan Caravan, zinayamba zagwira ntchito ku Japan, kenaka n'kubwera pasitima yapamadzi kudzera kumadoko monga Dar es Salaam. Zimatiyenera chifukwa ku Japan nako amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, choncho chiwongolero chili kumanja. Gulu likakhala lalikulu amatenga Coaster, basi yapakatikati imene imanyamula anthu oposa 20.

Tsopano tikwere phiri la Zomba, pakuti ndi kumene galimoto ya hayala imaonekera mphamvu zake zenizeni. Tauni ya Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pomwe pamalekeza madzi a nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe, yaitali kuposa zonse paphiri la Zomba, imapitirira mamita 2,000. Msewu wokwera ku Chawe, pamwamba pa phirili, ndi wa makona okhaokha, mbali ina khoma la phiri, mbali ina chiphedi. Minibasi imene imathamanga bwino pa Matawale ikafika apa imayamba kulira, liwiro n'kuchepa. Musaseke dalaivala. Wabweza giya dala, kuchoka yachinayi kupita yachiwiri, mwinanso yoyamba. Giya yaing'ono imachititsa kuti injini izungulire kambiri pomwe matayala azungulira pang'ono, ndipo mphamvu yokoka imachuluka. Amene munapalasapo njinga yamagiya pachitunda mukudziwa: miyendo imazungulira msangamsanga, njinga ikuyenda pang'onopang'ono, koma mumakwera osatsika.

Injini ikamagwira ntchito chotere imatentha kwambiri, ndipo madzi a mu ladiyeta ndi amene amaiziziritsa. M'minibasi zambiri injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, n'chifukwa chake wokhala pafupi ndi dalaivala amamva kutentha. Madzi aja akawira, dalaivala amaima n'kudikira. Satsegula chivindikiro nthawi yomweyo, chifukwa nthunzi yake ikhoza kumuwotcha nkhope. Zikachitika zimenezi, inu khalani patali.

Pokwera muona zinthu ziwiri m'thupi mwanu. Makutu atseka, chifukwa mpweya wa kumtunda supanikiza kwambiri ngati wa kumunsi. Mezani malovu kapena yasamulani, atseguka. Kenaka mumva kuzizira. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, tsono juzi musaisiye kunyumba ngakhale pa Matawale dzuwa likuswa mtengo.

Kumtundako zoona n'zambiri. Pali damu la Mulunguzi, limene madzi ake ndi omwe amatuluka m'mipopi ya mumzinda wa Zomba. Pali mathithi a Williams, nkhalango za paini, ndi anyamata ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu. Pali Emperor's View, malo amene anatchedwa choncho pokumbukira mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, imene inafika kuno mu 1965. Kukakhala kopanda nkhungu, mukaima pamenepo mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Koma misewu yopita kumalo akutali ngati amenewa, kapena kudzenje la Chingwe, ndi yamiyala ndipo si minibasi iliyonse imene ingafikeko. Dalaivala akanena kuti "ine ndilekeza pano", sikuti ndi ulesi. Kwatsalako n'kwa miyendo, ndipo ndi bwino kutenga munthu wodziwa njira.

Anthu ambiri amaganiza kuti kukwera ndiko kovuta. Madalaivala amaopa kutsika. Tatikitani zikhatho zanu mwamphamvu, mumva kutentha. Mabuleki amagwira ntchito motero: amakhula chitsulo chozungulira ndi tayala, ndipo liwiro la galimoto limasanduka kutentha. Dalaivala akapondereza buleki kuchokera ku Chawe mpaka kumunsi osapumitsa, mabuleki amatentha mopitirira, amayamba kununkha, kenaka sagwiranso bwino. Dalaivala wodziwa phiri amatsika ndi giya yaing'ono yomwe anakwerera ija, injini n'kumagwira galimoto kuti isathamange, buleki n'kumaponda apo ndi apo. Wina wofuna kupulumutsa mafuta amachotsa giya, kapena kuzimitsa injini kumene, kuti galimoto izingotsetsereka yokha. Ameneyo ndi woopsa, ndipo ngakhale atchipitse bwanji, gulu lisamutengenso. Mukadzamva injini ikulira kwambiri potsika, musadandaule, ikugwira ntchito yake. Inu khalani pansi, mikono ndi mitu m'kati, ndipo nyimbo zichepe kuti dalaivala amve galimoto zobwera pakona.

Musananyamuke kumtunda kuja, aphunzitsi awerenga mitu kawiri. Yankhani dzina lanu mokweza, ndipo muonetsetse kuti mnzanu amene munakhala naye pobwera ali pambali panu.

Nayi ntchito yanu ya sabata ino. Kalasi yanu ili ndi ana 54 ndi aphunzitsi 3, ndipo minibasi iliyonse ikuloledwa kunyamula anthu 15. Kodi mufunika minibasi zingati, ndipo mipando ingati itsala yopanda munthu? Werengani bwino, yankho lake mukaonetse aphunzitsi anu Lolemba.