Kanjinga Kamoto ka M'thengo Kasanakwere Mseu wa Tala

Inu alimi anzanga a ku Mzimba, makamaka a ku Embangweni, Champhira, Luwerezi ndi Khosolo, tamverani mau awa. Masiku ano m'midzi mwathu mwalowa tinjinga tamoto tating'ono ta matayala a manomano, tina totumizidwa ndi ana athu a ku Joni, tina togulidwa ndi ndalama za fodya ndi nyemba. Tinjinga timeneti anatipangira kuyenda m'thengo ndi m'minda. Koma mwini wake akakhala nako masabata awiri, mtima uyamba kunena kuti, bwanji ndipite nako ku Jenda ndi dengu la matimati, kapena ku boma kukagula feteleza? Ndipo mnyamata wa pakhomo aonjezapo funso lake: kodi sitingakakonze kuti kazithamanga koposa apa? Zonse ziwiri n'zotheka, koma liwiro libwere pambuyo.

Yambani ndi mapepala. Lamulo la pa mseu la chaka cha 1997 liwerengera njinga yamoto pamodzi ndi galimoto. Chotero iyenera kulembetsedwa, kukhala ndi nambala ndi inshuwalansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi. Olembetsa ndi a Road Traffic, ndipo ife a kuno tipita ku ofesi yao ku Mzuzu. Kumeneko adzafuna kuona pepala la MRA losonyeza kuti njingayo inalowa m'dziko muno mwa lamulo. Apa ndi pamene ambiri agwa. Njinga yochokera ku Lundazi imene inadzera njira za kumbali, osadzera pa chipata cha Mqocha, mtengo wake ukoma ndithu, koma msonkho umene wogulitsa anauthawa udzagwera inu, ndipo apolisi a pa Jenda akhoza kuigwira. Musanatulutse ndalama, werengani nambala ya pa injini ndi ya pa chitsulo cha pakhosi, muone ngati zifanana ndi za pa pepala. Ngati nambala ndi yopalidwa, isiyeni njingayo, kapena ndi yakuba. Wogulitsa akulembereni kalata pamaso pa mboni. Tilipo tina tating'onoting'ono tosewerera ana, topanda nambala iriyonse. Timeneto musavutike nato, malo ake ndi pabwalo.

Inshuwalansi ena aiyesa kutaya ndalama. Taganizani: mutagunda mwana wa mnzanu pa mseu, a inshuwalansi ndiwo athandiza kulipira wovulalayo. Popanda iwo, mlandu wotere ulowa m'khola mwanu, ndipo ng'ombe za pa goli ndizo zituluka.

Tsono kanjingako kavekedwe za pa mseu. Kafunika nyali ya kutsogolo, nyali yofiira ya kumbuyo yowala kwambiri mukaponda buleki, maindiketa, hutala ndi galasi loonera kumbuyo. Makanika ayambe waona ngati injini itulutsa magetsi okwanira, popeza tinjinga tina ta m'thengo tiribe mphamvu yoyatsira nyali, ndipo pafunika kuika koyilo ina ndi batire. Tochi yomangirira ndi mphira si nyali ai. Mabuleki onse awiri agwire. Matayala a manomano aluma bwino m'matope, koma pa tala yonyowa aterereka, popeza mphira wokhudza pansi ndi wochepa. Amene adzayenda kawirikawiri pa M1 agule matayala oyenera fumbi ndi tala yomwe. Chipewa cholimba chikhale pamutu, chomangidwa pachibwano, ndipo ngati palibe mpando ndi popondera pa munthu wachiwiri, amai a kunyumba asakwere.

Za liwiro tsopano. Njinga zambiri zimene eni ake ati n'zofooka si zofooka konse, koma zatsamwa ndi fumbi. M'miyezi ya September ndi October miseu yathu ikhala fumbi lokhalokha, ndipo sefa ya mpweya itsekeka. Injini yosapuma bwino imwa petulo wambiri, nichepa mphamvu. Sefa ya siponji muichape m'parafini, iume, muipake oyilo pang'ono. Ya pepala siichapidwa, mungoigugumula kapena kugula ina. Pulagi ikhale yoyera, oyilo wa mu injini asinthidwe asanade bii, matayala apopedwe mokwanira. Tcheni chikhale ndi oyilo, ndipo chizisewera monga zala ziwiri pakati pake. Izi zokha zibweza liwiro limene linatayika, ndipo mtengo wake ndi wochepa.

Amene afunabe kuonjeza, njira yake yoongoka ndi ya magudumu a mano oyendetsa tcheni, amene amakanika ati masipuloketi. Mukachotsa la kutsogolo la mano 14 ndi kuika la mano 15, njinga imene inali kufika makilomita 60 pa ola ikhoza kufika pafupi 64 pa malo a see. Koma dziwani kuti injini sinakule. Chimene mwapindula pa liwiro mwachichotsa ku mphamvu yokokera. Pa chigwa cha ku Embangweni mwina simudzazindikira, koma pa zitunda za ku Khosolo, muli ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50 kumbuyo, mudzatsika ndi kukankha. Ine ndiona kuti mlimi asowa kukoka koposa kuthamanga, ndipo njinga zimene ife alangizi tiyendera nazo anazipanga ndi nzeru yomweyo.

Pali zina zimene anyamata akonda. Aboola mpope wotulutsa utsi kuti njinga izilira ngati ndege. Phokoso lichuluka, mudzi wonse udzuka, koma liwiro loonjezeka n'lochepa kapena palibe, ndipo injini itentha kufikira kupsereza mavavu. Ena achotsa injini naikamo yaikulu. Pamenepo nambala ya injini isiyana ndi ya pa mapepala, ndipo muyenera kukadziwitsa a Road Traffic. Ndiponso laisensi ya A1 ilekezera pa 125cc. Kupitirira apo pafunika ya A. Choopsa koposa n'chakuti mabuleki ndi mafupa a njingayo akhala aja omwe a injini yaing'ono.

Werengani bwino apa. Liwiro likakwera kuchoka pa 40 kufika pa 60, mtunda woimira ukula kuposa kawiri. Ngati pa 40 mabuleki anakuimitsani m'mamita 10, pa 60 afuna mamita oposa 22. Mbuzi kapena ngolo yotulukira mwadzidzidzi siidikira mamita amenewo, ndipo gudumu laling'ono likalowa m'dzenje silituluka monga lichitira lalikulu. Ku chipatala cha boma ku Mzimba kapena cha mishoni ku Embangweni akhoza kulunzanitsa mwendo, koma wothyoka mu November sadzagwira khasu dzinja lonse.

Mukasintha gudumu la mano, yesani njingayo poyamba pa bwalo lopanda anthu, mutasenza katundu amene munyamula masiku onse. Ndipo lakale lija musalitaye. Lipakeni oyilo, mulisunge m'nyumba, mudzalibwezere mvula ikayamba ndi miseu ikasanduka matope.