Musataye kabudula wong'ambikayo: yambirani pomwepo kuphunzira kusoka

Ana akukula, zovala zikuwathina, ndipo pano pa kampu ndalama yolipira telala sipezeka nthawi zonse. Musadikire makina osokera. Singano, ulusi, sizasi ndi choko n'zokwanira. Choko akasowa, kachidutswa ka sopo wouma kamalemba bwino pansalu.

Tengani kabudula kapena siketi yakutha, mudule mosamala motsatira misoko yake. Zidutswa zimene zatulukazo ndiye patani yanu. Ziyaleni pansalu, mujambule mozungulira, koma podula musiye sentimita imodzi ndi theka kunja kwa mzerewo. Amenewo ndi malo a msoko. Ongoyamba ambiri amaiwala zimenezi, chovala n'kukana kulowa. Ngati mwana wakula, onjezeraninso pang'ono.

Musanadule, chapani nsaluyo ndi kuiyanika, chifukwa nsalu yathonje ngati chitenje imafupikako ikachapidwa koyamba. Ndi bwinonso kuyamba kuyeserera pa chinsalu chakale, chitenje chatsopano chidikire kaye.

Gwirizanitsani zidutswazo mbali zamaluwa zitayang'anizana, kuti msoko udzabisike mkati. Poyamba sokani motalikitsa kungogwirizira, mwini chovala ayese. Chikamukwana, sokani zenizeni: lowetsani singano kumbuyo pang'ono, pamene pathera ulusi, itulukire kutsogolo, kenaka mubwererenso. Msoko wotere sumasuka msanga ngakhale mwana azikwera mitengo.

Zipi ndi mabatani zisiyeni kaye. M'chiuno pindani nsalu kawiri, musoke, musiye kampata, mulowetse lastiki pomukoka ndi pini. Lastikiyo achepeko pang'ono poyerekeza ndi chiuno cha mwanayo.