Kukopera Zosintha Zokha, ndi Kukhoma Cimene Mwakopera

Abale anga a ku migodi ndi a m'matauni, ena a inu muli ndi makolo ku cigwa ca Luangwa, kwa Kambombo, kwa Tembwe, kwa Chikwa kapena kwa Chifunda, m'boma la Chama. Mai wokalamba akapita ku cipatala ca kumeneko, dzina lace, nthenda yace ndi mankhwala amene walandira zimalembedwa. Kale zonsezi zinali m'mabuku, ndipo adani a buku tinali kuwadziwa bwino: ciswe, moto ndi denga lodontha. Masiku ano zolembedwa zambiri za Boma ziri m'makompyuta. Tsono ndifuna tikambirane m'mene anthu a nchito imeneyi amasungira kope laciwiri la zolembedwazo, kuopa kuti zingataike, ndi kuopanso kuti zingawerengedwe ndi munthu wosayenera.

M'zaka za m'ma 2000 Unduna wa za Umoyo m'dziko lathu la Zambia unayamba makonzedwe ochedwa SmartCare. Wodwala anali kupatsidwa kakhadi, ndipo zipatala za kumidzi zopanda intaneti zinali kutumiza zolembedwa zao ku ofesi ya pa boma pa kacipangizo ka flash, kakang'ono ngati cala. Taganizani za munthu wa ku Chama woyenda pa njinga yamoto nyengo ya dzinja, mitsinje itadzaza ndi miseu itaduka, ali ndi zinsinsi za midzi yambiri m'thumba la malaya. Lamulo la Data Protection Act la caka ca 2021 liwerengera za umoyo wa munthu pakati pa zinthu zofunika kuzisunga mosamala koposa. Kunena zoona, ngakhale lamulo likadapanda kukhalapo, palibe afuna kuti nthenda ya mlongo wace ikambidwe pa mowa.

Tiyambe ndi makina eni ace. Kompyuta yaikuru ya mu ofesi, imene amaicha seva, ikhoza kugawidwa monga nyumba imodzi igawidwira mabanja angapo, liri lonse ndi khomo lace. Gawo liri lonse limagwira nchito ngati kompyuta yokwanira payokha: lina la zacipatala, lina la malipiro, lina la makalata. Akatswiri amalicha virtual machine, ife tingoti makina ongoyerekeza. Nzeru imeneyi si ya dzulo ai. Kampani ya IBM inali kugulitsa makonzedwe otere m'caka ca 1972. Cokondweretsa ncakuti disiki ya makina ongoyerekeza si citsulo, koma failo imodzi yaikuru. Mukakopera failoyo mwakopera makina onse, ndipo seva ikapsya mukhoza kuwadzutsa pa seva yina.

Bvuto ndi kukula kwace. Tinene kuti disiki iri ndi magigabaiti 100. Kukopera zonsezo usiku uli wonse kuli ngati kalaliki amene alemba buku lonse la msonkho kuyambira tsamba loyamba, cifukwa cakuti lero mwalowa maina atatu. Kalaliki wanzeru alemba buku lonse kamodzi kokha, ndipo masiku otsatira alemba masamba okhawo amene asintha. Uku ndiko kukopera koonjezera.

Nanga makina adziwa bwanji masamba amene asintha? Apa mpamene pali luso. Disiki imagawidwa m'timagawo tating'ono tofanana. Mu QEMU, pulogaramu imene Mfalansa Fabrice Bellard anayamba m'caka ca 2003, kagawo kamodzi kawiri-kawiri kamakhala makilobaiti 64. Pambali pamakhala cikalata ca zizindikiro, cokhala ndi malo amodzi a kagawo kali konse. Inu a ku mgodi mudziwa bolodi la pakamwa pa mgodi, limene munthu akaliyang'ana adziwa amene ali pansi, osatsika kukawerenga anthu. Cimodzi-modzi pano: kagawo kakalembedwamo kanthu, makina aika cizindikiro pa malo ace. Disiki ya magigabaiti 100 iri ndi timagawo toposa 1,600,000, koma cikalata cace cingokwana makilobaiti 200, cocepa kuposa cithunzi cimodzi ca pa foni. Usiku makina akopera timagawo ta zizindikiro tokha, nafafaniza zizindikirozo, nayamba kuwerenganso. Kampani ya VMware inatulutsa njira yotere m'caka ca 2009, ndipo QEMU inaonjeza yace m'caka ca 2015.

Nchito siima pamene kukopera kuli kucitika. Namwino akalemba kanthu pa kagawo kamene sikanakoperedwe, makina ayamba apulumutsa zakalezo, pambuyo pace nalola zatsopano kulowa. Cotero kope lionetsa disiki monga inaliri pa mphindi imene kukopera kunayamba.

Koma pali msampha, ndipo ndifuna muumve bwino. Makope oonjezera ali ngati unyolo. Kuti mubwezeretse zolembedwa za Lacisanu, mufunika kope lathunthu la Lamulungu, ndi la Lolemba, la Laciwiri, kufikira la Lacisanu lomwe, onse mwa dongosolo lao. Kope la Lacitatu likaonongeka, a Lacinai ndi Lacisanu sangakupatseni disiki yoona, ngakhale iwo eni ali abwino. Ncifukwa cace anthu odziwa nchito salola unyolo kutalika; pakapita sabata kapena mwezi apanga kope lathunthu latsopano. Msampha waciwiri ndi magetsi. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba, magetsi nazima maola ambiri pa tsiku. Seva ya QEMU ikazima mwadzidzidzi, cikalata ca zizindikiro cisanasungidwe bwino, makina amaciyesa cosakhulupirika, ndipo sacigwiritsanso nchito. Pamenepo palibe kucitira mwina koma kuyambanso ndi kope lathunthu. Ine ndiyesa kuti ofesi ya kutali monga ya ku Chama iyenera kugula mabatire abwino isanaganize za disiki yaikuru.

Tsopano za kukhoma. Loko wa pa citseko aletsa munthu kulowa, koma disiki ikabedwa loko alibe nchito. Kukhoma kwa makompyuta nkwina: malemba eni ace amasandulizidwa ndi masamu, kotero kuti wopanda mfungulo aona zinyalala zokha-zokha. Njira yodziwika kopambana ndi AES, imene anaipanga anthu awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen, ndipo boma la America linaibvomereza m'caka ca 2001. Pa makompyuta a Linux disiki yonse imakhomedwa ndi LUKS, yoyambidwa ndi Clemens Fruhwirth m'caka ca 2004. Cofunika ncakuti malo olandira kope akhale okhomedwa kukopera kusanayambe, kuti kagawo kali konse kasandulizidwe pofika pomwepo. Kuyamba mwalemba poyera, ndi kuti mudzakhoma mawa, nkusiya mapazi pa mcenga; pakuti failo yofafanizidwa pa disiki kawiri-kawiri ikhoza kufukulidwa. Ndipo ngati mufuna kupanikiza kope kuti licepe, panikizani musanakhome, popeza zokhomedwa sizipanikizika.

Mfungulo ndi mau acinsinsi, ndipo masamu sadziwa mwini wace wa disiki. Mau akaiwalika, palibe mmisiri ku Lusaka kapena ku London amene angathyole lokoyo. Ogwira nchito za Boma amasamutsidwa, amadwala, amamwalira. Ngakhale boma la Chama lomwe linakhala m'cigawo ca Muchinga pafupi-fupi zaka 10, lisanabwezedwe ku cigawo ca Kum'mawa m'caka ca 2021; maofesi amasintha, koma zolembedwa za odwala ziyenera kutseguka ndithu. Mwamwai LUKS ilola mau acinsinsi angapo pa disiki imodzi, 8 pa mtundu woyamba ndi 32 pa mtundu waciwiri. Cotero akuru awiri kapena atatu akhoza kukhala ndi mau ao-ao, ndipo wina akacoka, ace okha ndiwo afafanizidwa. Mau ena alembedwe pa pepala, naikidwe m'bokosi lacitsulo la ndalama, kutali ndi disiki. Kulemba mauwo pa kapepala ndi kukamata pa disiki pomwepo nkupusa kumene kumacitika kopambana m'mene mungaganizire.

Mbala nazo zinaphunzira masamu omwewa. Pa 9 May 2022 gulu lochedwa Hive linalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia, ndipo bankiyo inakana kulipira dipo. M'mwezi wa February 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo ya Malawi kuti akuba alanda makina opangira mapasipoti nafuna dipo, ndipo anthu anakhala masabata osalandira mapasipoti. Mbala zotere zimakhoma zolembedwa zanu ndi mfungulo yao, ndipo zimafuna-funa makope anu kuti ziwaononge poyamba. Kope limene liri lolumikizidwa ku seva usana ndi usiku liri pa ngozi yomweyo. Kope limodzi lizulidwe, likagone m'nyumba yina. Ndipo kamodzi pa mwezi munthu atenge unyolo wonse, autsegule ndi mau a m'bokosi lacitsulo aja, adzutse makinawo pa kompyuta yapadera, nafune dzina la wodwala mmodzi amene analembedwa dzulo.