Cikondi Pakati pa Zoopsa

Ambiri a ife tikamva za buku lacikhristu, timaganiza za ulaliki kapena mapemphero. Koma aliponso Akhristu olemba nthano zopeka, monga mai Irene Hannon a ku America.

Kwa zaka zambiri, mai Hannon anali kulemba nkhani zacikondi zofatsa. Mu 2009 anayesa mtundu wina, wosakaniza cikondi ndi zoopsa, m'buku lochedwa Against All Odds. M'bukuli, Monica Callahan afunidwa ndi zigawenga cifukwa ca nchito ya atate ace, kazembe amene anasiyana naye kalekale. Bungwe la FBI lituma Evan Cooper kukamulonda, ndipo m'kupita kwa masiku awiriwa ayamba kukondana.

Nkhani yotere ndi yovuta kulemba. Zoopsa zikaculuka, owerenga sakhulupirira kuti anthu othawa imfa angapeze mpata wokondana. Cikondi cikaculuka, mantha amazirala. Conco wolemba afunika kucititsa kuti ngoziyo ndiyo iulule mtima wa munthu. Monica anasunga cakukhosi kwa zaka, koma imfa itayandikira, nkhani yokhululukira atate ace sinathenso kudikira mawa.

Mai Hannon sanalekere pomwepo. Buku lacitatu la mndandanda womwewo, In Harm's Way, linapata mphoto ya RITA mu 2011.

Acinyamata athu akamawerenga mabuku otere, tisafulumire kuwalanda. Tiyeni tiwafunse zimene munthu wa m'nkhaniyo anacita mantha atamugwira, ndiponso amene anamukhululukira.