Nyimbo zomwe Oasis idaika kuseri ndizo zidadzaza masitediyamu mu 2025

Gulu loyimba la Oasis litakumananso pa 4 July 2025 mumzinda wa Cardiff, patatha zaka 16 abale awiri Liam ndi Noel Gallagher atakangana n'kupasula gululo, nyimbo yachiwiri yomwe lidayimba inali Acquiesce. Sitediyamu yonse idayimba nawo mawu aliwonse. Chodabwitsa n'chakuti nyimboyi sidaikidwepo pa chimbale chilichonse mwa zimbale zisanu ndi ziwiri zomwe gululi lidajambula mu situdiyo. Idatuluka mu 1995 kuseri kwa nyimbo ina, Some Might Say. Usiku umenewo gululi lidayimba nyimbo zisanu za mtundu umenewu: Acquiesce, Fade Away, Talk Tonight, Half the World Away ndi The Masterplan.

Amene mudagulapo makaseti mukukumbukira kuti kunkakhala mbali A ndi mbali B. Ku Britain mwambowu udayambira pa timbale ting'onoting'ono ta galamafoni: kutsogolo nyimbo yoti iziseweredwa pa wayilesi, kuseri nyimbo yongodzazira malo. Ma CD atabwera dzina loti B-side lidatsalabe ngakhale kunalibenso chotembenuza. M'zaka za m'ma 1990 singo imodzi ya Oasis inkakhala ndi nyimbo zinayi, kutanthauza kuti wolemba nyimbo ankayenera kupeza zitatu zowonjezera nthawi iliyonse. Magulu ambiri ankangoponyamo madeya: nyimbo yakale yojambulidwa pa konsati, kapena yomweyo ya kutsogolo atangoisinthasintha pang'ono.

Noel Gallagher sankatero. Kuyambira pomwe Alan McGee wa kampani yaing'ono ya Creation Records adawapeza anyamata a ku Manchester amenewa akuyimba mu bala ina ku Glasgow mu 1993, Noel ankalemba nyimbo ngati sizidzatha. Akauzidwa kuti pakufunika nyimbo ya kuseri, ankangopereka yomwe walemba kumene, osaganiza zosunga za mawa. Zotsatira zake ndi chimbale cha The Masterplan, chomwe chidatuluka mu November 1998 chili ndi nyimbo 14 zotoleredwa kuseri kwa masingo, ndipo chidafika pa nambala 2 ku Britain.

Mukachimvera bwino mupeza Oasis ina yomwe wayilesi sinkaidziwa. Talk Tonight ndi Noel yekha ndi gitala, nyimbo yomwe adailemba mu 1994 atathawa anzake pambuyo pa konsati yomwe idasokonekera ku Los Angeles n'kukabisala ku San Francisco. Mulibe matama omwe gululi linkadziwika nawo. Ndi munthu wotopa amene akuthokoza wina amene adamukhazika mtima pansi. Half the World Away, ya munthu wofuna kuchoka kwawo koma osachoka, idasanduka nyimbo yotsegulira sewero la pa BBC la The Royle Family, ndipo idalowa m'nyumba za anthu omwe sadagulepo chimbale cha Oasis. Mu Acquiesce, Liam amayimba mavesi, Noel n'kulandira kolasi. Ndi nyimbo zochepa zomwe abale awiriwa amagawana mawu chonchi, n'chifukwa chake otsatira gululi amaitenga ngati ya ubale wawo.

Koma kuwolowa manja kumeneku kudali ndi mtengo wake. Itafika nthawi yojambula chimbale chachitatu, nkhokwe inali itapepuka. Be Here Now idatuluka mu August 1997, idagulidwa mwamkokomo sabata yoyamba, koma anthu sadachedwe kuona kuti ndi phokoso la mphindi zoposa 70, nyimbo zotalika mopitirira muyeso zokutidwa ndi magitala ambirimbiri. Noel mwiniwake wakhala akuchinyoza chimbalechi poyera, ndipo wavomerezapo kuti nyimbo ya The Masterplan, yomwe idaikidwa kuseri kwa Wonderwall mu 1995, siinali yoyenera kutayidwa kumeneko. Taganizani akadasunga nyimbo zisanu zija n'kuziika pa chimbale chachitatu. Koma madzi akatayika saoleka.

Tisachitamande mopitirira. The Swamp Song ndi zing'wenyeng'wenye zokhazokha zopanda mawu, ndipo I Am the Walrus ndi nyimbo ya The Beatles yomwe adangoiyimbanso pa konsati. Malo awiriwa akadatha kupatsidwa kwa Round Are Way kapena Step Out, zomwe zidasiyidwa. Komabe pa nyimbo 14, zofooka n'zowerengeka, zomwe sitinganene za zimbale zina zomwe gululi lidatulutsa pambuyo pa chaka cha 2000.

Nanga n'chifukwa chiyani za kuseri zidakhalitsa chonchi? Yankho lili pa ufulu womwe malowa ankapereka. Nyimbo ya kutsogolo imayenera kusangalatsa bwana wa kampani, woulutsa mawu pa wayilesi ndi wogulitsa mu shopu. Ya kuseri palibe ankaiyang'anira. Woyimba ankatha kulira, kuyesa malipenga, kapena kungokhala pansi ndi gitala, osaopa kuti wina anena kuti sizigulika. Ndipo wogula singo ankaona ngati wapatsidwa chinsinsi chomwe anthu ongomvera wayilesi alibe.

Lero malo amenewo adatsekeka. Pa Spotify ndi YouTube nyimbo imatuluka yokhayokha, iliyonse ili ndi nambala yosonyeza kuti yamvedwa kangati. Woyimba wachinyamata, kaya ali ku Manchester kaya ku Ndirande, akaona kuti nyimbo siphulika msanga amaisiya mu kompyuta ya ku situdiyo, ndipo palibe amene adzaimve. The Masterplan ikusonyeza kuti mwininyimbo ndi kampani yake si nthawi zonse amadziwa yomwe idzakhalitse. Noel adalakwitsa posankha poika nyimbo zake, koma adazitulutsabe, ndipo anthu adasankha okha. Woyimba amene akuzitsekera lero sakuwapatsa omvera ngakhale mwayi umenewo.